Mawu a akulu akoma akagonera, koma agonere kuti?

Amene adapeka mwambi wakuti mawu a akulu akoma akagonera adaiwala kutiuza kuti agonere masiku angati, komanso agonere m'nyumba ya yani. Kugoneratu si kumodzi. Thobwa likagonera limakoma, nsima ikagonera ndi mkute, koma ndiwo za usipa zikagonera mwezi wa Okutobala imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala.

Funso limeneli linandipeza ku Area 43, kumayadi kumene mpanda umatalika kuposa nyumba ya kwathu ndipo galu ali ndi dokotala wakewake. Ndinaperekeza mnzanga kukasiya khadi la ukwati kwa abwana ake. Tili pabalaza, maso anga anagwera pakona. Pakatebulo kakekake panali galamafoni ya chilipenga chachikulu chamkuwa, chonyezimira moti munthu n'kumetera ndevu. Mwini nyumba anaona kuti ndayang'anitsitsa, ndipo anatchula mtengo umene adagulira, m'madola. Kumayadi chinthu chaulemu sichitchulidwa m'makwacha, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Makwacha amatchulira malipiro a mlonda.

"Kodi imaimba, bwana?" ndinafunsa.

"Sitiikhudza imeneyo," anayankha.

Tiyi anandikanika kumeza, chifukwa kwathu ku Mitundu galamafoni iliko, ndipo ndinkadziwa bwino amene ankaikhudza tsiku ndi tsiku: nkhuku ya malume.

Malume ndi a gulu lija lomwe lidapita ku Joni pa Wenela, Kamuzu asanaletse ulendowu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu athu ambiri ochokera kumigodi. Munthu wobwera ku Joni ankadziwika ndi njinga, sutikesi, chipewa chopendekera mbali imodzi, ndipo wochita bwino kwenikweni ankatsika ndi galamafoni. Ya malume inali ya His Master's Voice, yonga kasutikesi kakuda, m'kati mwa chivundikiro muli chithunzi cha galu atatchera khutu pa lipenga. Ife ana tinkatsutsana ngati oimbawo ali m'bokosimo kapena ngati ndi galuyo amene akuimba.

Sinkafuna magetsi kapena mabatire. Inkafuna dzanja. Umapukusa chogwirira cha m'mbali mpaka chilimbe, n'kuika mbale, n'kutsitsa singano yachitsulo. Mbale inkazungulira ka 78 pa mphindi, ndipo mbali imodzi inkatha m'mphindi zitatu zokha. Poti nyimbo imodzi sachezera gule, pankafunika mnyamata wopukusa usiku wonse, ndipo mnyamatayo ndinali ine. Ndikayamba kusinza, sipuling'i inkafooka, woimba n'kuyamba kukoka mawu ngati munthu wochokera pa kachasu, mpaka khofi la malume lindidzutse. Mbale zambiri zinali za kwela wa ku Johannesburg, zitoliro za anyamata onga Spokes Mashiyane, gule yemweyo amene Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka adamusandutsa wathuwathu.

Kenako kudabwera wailesi ya Nzeru, kaseti, CD, mpaka lero pomwe nyimbo mazanamazana zimakwana pa kamemori kochepa ngati chikhadabo, ngakhale oimba athu amanenabe kuti atulutsa chimbale, mbale yake osaoneka. Galamafoni ija idatsika udindo pang'onopang'ono. Idachoka pabalaza kupita kuchipinda, kuchoka kuchipinda kupita kukhitchini, komwe nkhuku idapeza kuti nsalu ya pa chozungulira chija ndi yofewa bwino poikira mazira.

Loweruka lotsatira ndinali pa minibasi ya ku Mitundu. Malume anamvetsera nkhani yonse ali pa mpando wandalema, kenako anati, "Mphwanga, chinthu chimene nkhuku zaswerapo anapiye zaka zonsezi, lero chasanduka ndalama?" Ndinawakumbutsa kuti mawu a akulu akoma akagonera. Iwo anati ngati ndi choncho, theka la kukomako ndi lawo, ndipo nkhuku ndiipezere dengu.

Ndinayambira ku Old Town, kwa ogulitsa ziboliboli pafupi ndi positi ofesi, poti kumeneko n'komwe alendo amatsika m'galimoto zikwama zili zotsegula. Mmodzi anatsegula bokosi lija, ananunkhiza, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono.

"Achikulire, nanga lipenga lili kuti?"

Ndinafotokoza kuti mtundu uwu lipenga lake lili m'kati. Anapukusa mutu. Azungu, iye anatero, amafuna ya lipenga loonekera, yoti mlendo akangolowa m'nyumba afunse mafunso. Pambali pake panali kambale kodzaza ndalama zakale: makobiri a bowo pakati a nthawi ya chitaganya, masheleni, ndi matambala oyamba aja amene adabwera ndi kwacha mu 1971. Tambala imeneyi lero singagule ngakhale kamtengo kamodzi ka machesi, ndipo mukaitaya pa depoti palibe angawerame. Koma ikagona m'kambale ka pa positi ofesi, mlendo amaigula ndi ndalama yapepala. Ndalama yathu imayamba kukhala ndi mtengo ikasiya ntchito.

Ndinatsikira kumsika wa Tsoka, ndipo dzina lokhalo likadayenera kundichenjeza. Ndinalipira pa kamlatho kamitengo kowolokera mtsinje wa Lilongwe, bokosi lili pamutu ngati wothawa nkhondo. Kumeneko anandizungulira madobadoba atatu. Za galamafoni analibe nazo ntchito. Ankafuna kudziwa ngati kumudziko kulinso nsimbi yamakala yakale ija ya tambala pamwamba, chifukwa akuti m'kati mwake muli chitsulo chinachake chodula kwambiri chimene "anthu ena ake" akuchifuna. Anthu ena akewo ndakhala ndikuwamva kuyambira ndili mnyamata, koma sindinakumanepo ndi munthu amene adamanga nyumba yamalata ndi ndalama ya nsimbi. Cha ku Malangalanga wogula zitsulo zakutha anali woona mtima kuposa onse. Anaika bokosi pa sikelo, anachotsera kulemera kwa matabwa, n'kutchula ndalama yosakwana kundibweza ku Mitundu.

Ku City Centre mnzanga wina wogwira ntchito ku Capital Hill anaikonda kwambiri. Anati ndimusiyire, adzalipira mwezi ukatha. Sananene mwezi wake.

Amene anandimasula m'maso ndi mzungu wina wachikulire wa ku Area 10 yemwe ankagulitsa katundu wake pobwerera kwawo. Paja mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo aka kanandimeta popanda madzi. Anavala magalasi, anachotsa nthenga ziwiri zitatu, n'kunena kuti yangayi ndi yeniyeni. Zambiri za malipenga onyezimira zimene zimakongoletsa nyumba masiku ano, iye anatero, zimalumikizidwa ku India kuchokera ku zidutswa za makina akale ndi lipenga latsopano, n'kumatapo chithunzi cha galu uja. Ndinakumbukira pakona paja pa ku Area 43 ndipo mtima unazizira bwino, tchimo limene ndikulivomera.

Chimwemwecho sichinakhalitse. Zenizenizo, anapitiriza, zidapangidwa zambirimbiri, ndipo kwawo mitengo ya zamtundu wamba idatsika. Amene ankazisonkhanitsa ndi nkhalamba zimene zikutha, ndipo ana awo akalandira chuma chamasiye amangofuna malo m'galaja. Ogulitsa achuluka, ogula achepa. Achinyamata akugula mbale ndithu, moti ku America mu 2022 mbale zapulasitiki zidagulidwa zambiri kuposa ma CD koyamba chichokereni 1987, koma zimenezo zimaimbidwa pa makina amagetsi, osati opukusa. Ndiye kuti galamafoni ya malume idagonera, kukoma, n'kupitirira mpaka kusasa, zonsezi zikuchitika kutsidya kwa nyanja, ife tili kalikiliki kutola mazira.

Kenako anafunsa funso limene sindinkaliyembekezera. "Nanga mbale zake zili kuti?"

Mbale zakale za nyimbo za kuno ku Africa, monga zimene inkatulutsa kampani ya Gallo ku Johannesburg, ndizo osonkhanitsa amazisakasaka, chifukwa zidatsala zochepa. Zinkapangidwa ndi utomoni wa tizilombo tina ta ku India, ndipo zinkasweka ngati phale. Anandiuzanso za Hugh Tracey, amene adayenda m'Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 akujambula nyimbo za agogo athu, zomwe lero zikusungidwa ku Rhodes University ku South Africa. Ndinangoti "ehe, ehe," koma maganizo anali ku Mitundu. Mbale zija ndinkadziwa kumene zidapita. Zina amayi ankavundikirira mtsuko wa madzi. Zina tinkapikisana kuziponya m'mwamba kuti tione yofika patali. Imodzi ndidaisandutsa chiwongolero cha galimoto yamawaya, ndipo ndidatchuka nayo mudzi wonse kwa masiku awiri. Mawu a akuluwo adali pa mbalezo, ife tidasunga bokosi.

Ndinabwerera ku Mitundu ndi katundu wanga, nditawononga ndalama ya minibasi, ya kabaza ndi ya pa kamlatho. Malume sanafunse za theka lawo. Analowa m'nyumba, anafukula pansi pa sutikesi ya ku Joni ija, n'kutulutsa mbale imodzi yokulungidwa m'malaya akale, ili ndi mng'alu kuchokera m'mphepete mpaka pakati. Singano zidatha kalekale, choncho anatuma mdzukulu kukathyola munga wa mthethe. Sipuling'i nayo inakana, ndiye ndinazunguza mbale ndi chala.

Chitoliro chinamveka chapatali, ngati munthu akuimba kuseri kwa phiri. Chikafika pa mng'alu chinkadumpha n'kubwerera pomwe chayambira. Malume anaimirira, ndodo m'manja, n'kuponya mwendo umodzi kutsogolo.

"Fulumiza chalacho, mphwanga, ukumuledzeretsa mnyamatayo!"

Pakhomo nkhuku inali itaima, dengu langa italikana, ikudikira kuti timalize.