Wakabaza wadziwa kale, kalata ikadali m'njira

Pa Mvera sabata ino za mtengo wa feteleza zayamba zaima. Yagwira msika ndi nkhani ya munthu wina amene akuti watuluka kundende n'kubwerera kwawo kuseri kwa mapiri, cha kumalire ndi Ntchisi. Dzina lake sitilemba, mudzi wakenso ayi, poti chilango anagwira ndipo ayenera kulima munda wake mwamtendere. Chatikoka ife ndi momwe nkhaniyo yanenepera poyenda. Lolemba m'mawa kuchigayo anali wakuba mbuzi. Pofika masana pa siteji, mbuzi zija zinali zitasanduka ng'ombe. Lachitatu amayi a pa mjigo anamuwonjezera mlandu wa mfuti, ndipo Lachinayi mnyamata wa pa chiwaya analumbira, mafuta ali thethethe, kuti munthuyo ndi chigawenga cha ku Cabo Delgado. Atamufunsa kuti Cabo Delgado ndi kuti, analoza cha ku Salima ndi chipande chovuulira tchipisi. Anthu anafa nacho chiseko, komatu sanaphonye: ukawoloka nyanja n'kudutsa chigawo cha Niassa, wafika.

Oyamba kudziwa anali akabaza. Anyamata atatu akuti anamunyamula ndi iwo, aliyense pa njinga yake, tsiku limodzi lomwelo. Wina akuti anali ndi kachikwama kakuda, wina akuti jumbo yabuluu, wachitatu akuti munalibe kanthu m'manja mwake kupatula Baibulo. Anyakwawa a m'mudzimo akuti anamva kwa akazi awo, akazi awonso anamva kumaliro. Apa chiseko chinayamba kuchepa, anthu n'kumafunsana: kodi munthu womangidwa pa mlandu woopsa akamatuluka, amauzidwa ndani? A ndende amauza apolisi? Apolisi a ku Lilongwe amauza anzawo a ku Dowa? Nanga mfumu? Nanga uja analakwiridwa?

Pa bawo ya pansi pa mtengo nkhaniyi inadya masana onse. Mvera ndi kwawo kwa asilikali, motero pabwalo sipalephera kupezeka mkulu wopuma pa ntchito ya mfuti. Wathuyu anaika nkhomo pansi n'kunena kuti kukampu ngakhale thumba la ufa silidutsa pageti osalembedwa m'buku. "Ndiye munthu wathunthu, achimwene, woti khoti linamupeza ndi mlandu wa magazi, angotuluka popanda wonong'oneza mnzake?" Uja ankasewera naye anapezerapo mpata n'kudya nkhomo zingapo mkuluyo akuyang'ana kumbali, mlandu womwe mpaka pano sunaweruzidwe.

Aphunzitsi ena opuma, amene wailesi siichoka pakhutu pawo, anati vutoli lapunthwitsapo ndi maiko olemera omwe. Anakamba za ku London, ndipo zimene anakambazo zinachitikadi. Usman Khan anapezeka wolakwa mu 2012 pa mlandu wokonzekera zauchigawenga, ndipo anatuluka mu Disembala 2018 atagwira theka la chilango cha zaka 16. Pa 29 Novembala 2019 anakwera sitima yekha kuchokera ku Stafford kupita kumsonkhano wa anthu othandiza akaidi kusintha khalidwe, ku Fishmongers' Hall pafupi ndi London Bridge. Kumeneko anasolola mipeni n'kupha achinyamata awiri, Jack Merritt ndi Saskia Jones, anthu omwe ankadzipereka pothandiza anthu ngati iye. Bwalo lofufuza za imfazi linapeza mu Meyi 2021 kuti nthambi za boma sizinagawane bwino zimene zinkadziwa. Akazitape a MI5 anali atamva kuti munthuyu angabwerere ku zakale, koma omwe ankamuyang'anira tsiku ndi tsiku atatuluka sanauzidwe zonse. Mu Febuluwale 2020 winanso, Sudesh Amman, anabaya anthu awiri ku Streatham asanathe milungu iwiri chitulukireni. Ameneyu apolisi anali atauzidwa ndipo ankamuponda kumbuyo, choncho anamuwombera pomwepo, ndipo ovulala aja anapulumuka. Mwezi womwewo Britain inasintha lamulo kuti omangidwa pa uchigawenga asamangotuluka chilango chikafika pakati.

"Ha! Ngati a makompyuta amaiwala kuuzana," anatero wosoka nsapato osadzutsa mutu, "nanga ife a mafayilo odyedwa ndi chiswe?"

Mayi wina wa tomato sanakhutire. "Zonsezo n'za kwa azungu, aphunzitsi. Kuno kwathu chigawenga chomangidwa munachionapo?" Funso labwino, chifukwa milandu yotere siimveka kawirikawiri m'makhoti athu. Koma akuluakulu akukumbuka Juni 2003, nthawi ya a Bakili Muluzi, pamene amuna asanu, awiri a ku Turkey, wina wa ku Saudi Arabia, wina wa ku Kenya ndi wina wa ku Sudan, anagwidwa ku Blantyre powaganizira kuti amathandiza gulu la al-Qaeda. Khoti lalikulu linaletsa kuwatulutsa m'dziko, koma anakwezedwa ndege n'kuperekedwa m'manja mwa akazitape a ku America. Ku Mangochi kunabuka zipolowe. Patapita milungu ingapo anthu aja anamasulidwa ku Sudan popanda mlandu uliwonse. Pamenepo nthambi za boma zinauzana ndithu, mwachangunso, koma zinauzana mumdima n'kulambalala khoti. Kuuzana kwa mtundu umenewo ife sitikukufuna. Komanso tisadzinamize kuti moto uli kutali: nkhondo ya zigawenga ku Mozambique inayamba mu Okutobala 2017 ku Mocímboa da Praia, ndipo chakumapeto kwa 2021 inali itafika m'boma la Mecula m'chigawo cha Niassa, chomwe timagawana nacho nyanja.

Nkhani ina imene inatchulidwa m'tiyirumu ndi ya Vincent Murekezi wa ku Rwanda. Kwawo anali ataweruzidwa iye kulibe pa mlandu wa kupululutsa mtundu kwa mu 1994, koma kuno anakhala zaka zambiri akuchita malonda, ali ndi pasipoti ya Malawi yolembedwa kuti Vincent Banda. Wina anati, "Ife a Banda enieni pasipoti tilibe!" ndipo mwini tiyirumu anachita kukhutula tiyi pambali ndi kuseka. Murekezi anagwidwa mu Disembala 2016, anakhala m'ndende kuno pa mlandu wa katangale, ndipo mu Januwale 2019 anatumizidwa ku Kigali. Taonani mbali zonse ziwiri. Pasipoti ija inatuluka chifukwa ofesi ina sinafunse inzake, kapena inatsinzina dala. Koma potuluka m'ndende yathu sanangotsegulidwa geti kuti azipita: maboma awiri anali atalemberana, ndipo anachoka m'manja mwa ena kulowa m'manja mwa ena. Zikafunika, timatha.

Dzina la Rwanda litangomveka, ena anayamba kuloza zala ku Dzaleka, ati zigawenga zonse zimabisala kumeneko. Apa ife sitinaseke nawo. Dzaleka ili m'boma lathu lomwe lino la Dowa. Inali ndende ya andale nthawi ya a Kamuzu Banda, ndipo mu 1994 inasanduka msasa wa othawa nkhondo, omwe tsopano apitirira 50,000. Ambiri mwa iwo anathawa anthu a mtundu wa omwe tikuwaopawo. Mu Meyi 2023 mazanamazana anatoledwa m'matauni n'kukasungidwa kundende ya Maula, ana omwe. Boma likakhala ndi mbiri yeniyeni ya munthu mmodzi woopsa, silifunika kukokolola gulu lonse. Kusauzana kwa maofesi kumapweteka osalakwa poyamba.

Madalaivala a minibasi za ku Salima anabweretsa yawo, ya a Uladi Mussa, omwe kwawoko amangoti Chenjigolo. Anamangidwa mu 2020 pa mlandu wogwiritsa ntchito udindo molakwika popereka unzika ndi mapasipoti kwa alendo ali nduna, ndipo anatuluka pa Pasaka wa 2023 m'gulu la akaidi 200 omwe a Lazarus Chakwera anawakhululukira. Dzina lawo dziko lonse linalimva. Koma m'gulumo munali anthu a m'midzi yosiyanasiyana, ndipo chikhululukiro chotere chimabwera pa Pasaka, pa 6 Julayi ndi pa Khirisimasi. Pawailesi timamva chiwerengero. Amene akubwera m'mudzi mwathu timamudziwa atafika pakhomo.

Pali china chimene ambiri pamsika sachidziwa, ndipo ndicho chimabala mphekesera. Mkaidi wa khalidwe labwino amachotseredwa gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango chake. Amene mudzi unamva kuti walamulidwa zaka 9 angathe kutulukira zitatha 6, mwalamulo ndithu. Koma m'mudzi amawerenga ndi zala, n'kupeza kuti zitatu zikusowa. Ndiye kumangomveka "wathawa", "wahonga", ndipo ena amawonjeza kuti anadutsa khoma ndi mankhwala. Tonse tikudziwa zimene gulu lolusa limachita ndi munthu woganiziridwa. Kapepala kamodzi kodindidwa, kofika kwa gulupu ndi kwa achitetezo cha m'mudzi, kangathe kupulumutsa moyo wa wotulukayo.

Agogo ena aakazi, akusankha nyemba m'lichero, anakumbutsa za 2017. "Mwana wanga, anatidinda zala padzuwa, tili pamzere tsiku lonse, kuti tilandire chiphaso cha unzika. Nanga kompyuta imeneyo siilankhulana ndi ya kundende?" Chaka chimenecho analembedwa anthu opitirira 9 miliyoni. Mkulu wa mpingo amene anali pambali anavomereza ndi mutu. Mishoni ya pa Mvera inayamba mu 1889 ndi abusa Murray ndi Vlok, ndipo iye anati chikhalireni Mkhristu akasamuka amatenga kalata yokapereka kumpingo kumene akupita, kuti akamulandire akudziwa makhalidwe ake. Ngati mpingo umatha ndi cholembera chabe, boma la zidindo ndi makompyuta lilephera pati?

Amene anatontholetsa onse ndi mmisiri wa matabwa yemwe luso lake analiphunzirira kundende. Analankhula motsitsa, dzanja lili pa mpando umene ankapala. "Mvula ikakuona litsiro siikata, abale anga. Mukayamba kulengeza aliyense pamsika, ganyu adzatipatsa ndani? Ana athu kusukulu azidzawatchula chiyani?" Ananena zoona. Ndende zathu n'zodzaza mopyola muyeso, mpaka khoti linagamula mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, kuti kuthithikana koteroko n'kuzunza anthu. Ambiri otulukamo analowa chifukwa cha nkhuku, chimanga kapena ndewu ya kumowa. Amenewa asiyeni abwerere kwawo mwakachetechete.

Koma kwa ochepa aja omangidwa pa kupha, kugwiririra, kuzembetsa anthu, kuchita chiwembu anzathu achialubino kapena uchigawenga, tikupempha poyera. Inu a ndende, lemberani apolisi a kwawo kwa munthuyo kutatsala mwezi kuti atuluke. Inu apolisi, uzani a zolowa ndi kutuluka m'dziko ndi akazitape ngati mlanduwo unakhudza malire. Uzani mfumu kumbali, osati pa chimkuzamawu, ndipo pezani munthu woti azimuyendera wotulukayo n'kuona ngati ali ndi chochita. Koposa zonse, yambani mwafika pakhomo pa banja limene linalakwiridwa, muwauze tsiku lake, asadzakumane naye mwadzidzidzi panjira ya kudimba.