Nambala 17 ndi chikho m'manja

Sizoni ya timu ya mpira imayezedwa m'njira zitatu: poona mndandanda wa ligi, poona kaseweredwe ndi maso, ndiponso powerenga ziwerengero zomwe anthu a makompyuta amatolera. Ilipo njira yachinayi, ya chikho, koma imeneyi amaidziwa ndi okhawo amene mwayi wawagwera. Sapota wokhwima amayenda ndi njira zonsezi m'thumba ndipo satulutsa iliyonse mpaka woyimbira atamaliza masewero. Akatero amachita za venda wa soya, amene ali ndi sikelo ina yogulira, ina yogulitsira, ndipo amalumbira pali mayi ake kuti onse awiri ndi olondola.

Palibe sizoni yomwe inavutitsa masikelo amenewa kuposa ya Tottenham Hotspur, timu ya kumpoto kwa London, mu 2024/25. M'Malawi muno masapota a timuyi ndi osowa moti awiri akakumana amapatsana manambala a foni. Mmodzi mwa iwo ndi mlembi wa danga lino, yemwe analowa m'mavutowa kudzera pa kaunjika: majezi a Manchester United, Arsenal, Chelsea ndi Liverpool anali odula, ndipo yomwe inagwirizana ndi thumba lake inali yoyera, ya tambala woima pa mpira. Tambala ameneyu alibe mbali pa ndale za dziko lino. Timuyi inatenga ligi komaliza mu 1961, koma wogulitsa jeziyo sananene zimenezi.

Mndandanda wa ligi ndiye sikelo yakale, ndipo ilibe chisoni. Kuyambira mu 1981 ku England wopambana amapatsidwa mapointi 3, olepherana amagawana pointi imodziimodzi, wogonja amangopatsidwa moni wa pamanja. Pa masewero 38 a ligi, Tottenham inapambana 11, inalepherana ndi anzake 5, n'kugonja 22. Mapointi anakwana 38, kutanthauza pointi imodzi pa gemu iliyonse, ndipo timuyi inathera pa nambala 17 mwa matimu 20. Atatu a pansi pake, Leicester City, Ipswich Town ndi Southampton, anatuluka mu ligi. Chiyambireni Premier League ya masewero 38, panali pasanaoneke timu yogonja ka 22 n'kutsalabe mu ligi. Mlembi amaitchula mfundo imeneyi ngati mbiri yonyaditsa, poti mbiri ndi mbiri.

Sapota amene mndandanda wamuchititsa manyazi amakhala katswiri wa zofooka zake. Amakumbutsa anthu kuti mu 2018/19 Liverpool inapeza mapointi 97, inagonja gemu imodzi yokha, koma inathera pa nambala 2 chifukwa Manchester City inapeza 98, pamene mu 2016 Leicester inatenga ligi ndi mapointi 81 okha. Choncho pointi ya chaka chino si pointi ya chaka chatha. Mfundoyi ndi yoona ndithu, kungoti ilibe chothandiza kwa munthu wa mapointi 38. Mlembi amazidziwa ziwerengerozi pamtima, ngakhale masiku obadwa a ana ake amachita kufunsa.

Sikelo yachiwiri ndi maso, ndipo apa mpamene sapota wa Tottenham ankakhala mfumu. Kochi Ange Postecoglou, wa ku Australia, anabwera kuchokera ku Celtic mu Juni 2023 ndi chiphunzitso chimodzi: kupita kutsogolo nthawi zonse, otchinga kumbuyo aziima pafupi ndi mzere wapakati, za kumbuyoko Mulungu adziwa. Mu Novembala 2023, osewera ake awiri atapatsidwa makadi ofiira pa gemu ya Chelsea, anyamata 9 otsalawo anaimabe pamzere wapakati pomwepo mpaka anakwapulidwa 4-1. Masapota anawaombera m'manja. Kuyambira tsiku limenelo kunabadwa mtundu wa sapota amene amatuluka mu vidiyo sho atagonja koma akuyenda monyang'wa, akuuza anzake kuti iwo amaonera zigoli pamene iye amaonera mpira.

Maso anali ndi umboni wake mu 2024/25. Mu Seputembala Tottenham inakaswa Manchester United 3-0 ku Old Trafford. Pa 23 Novembala inakathidzimula Manchester City, eni ligi panthawiyo, 4-0 pakwawo pomwe ku Etihad. Usiku umenewo mlembi anaimbira foni anthu amene anali asanalankhule nawo chichokereni kusekondale. Vuto la maso n'lakuti amasankha zoona. Masabata awiri City isanalire, timu yomweyo inali itagonja 2-1 pakhomo kwa Ipswich, yomwe inali isanapambaneko gemu ya ligi chiyambireni sizoni. Ku Brighton inatsogola 2-0 n'kugonja 3-2. Ndi Chelsea inatsogolanso 2-0 n'kugonja 4-3. Liverpool inabwera mu Disembala n'kumwetsa zigoli 6, Tottenham 3, ndipo anthu opanda mbali anati inali gemu yokoma zedi. Timu yosangalatsa anthu opanda mbali imakhala ikudwalitsa eni ake BP.

Chida chachikulu cha sikelo ya maso ndi mawu akuti "tinasewera bwino, koma". Pambuyo pa "koma" pamabwera woyimbira, VAR, mphepo, kapena kuvulala kwa osewera. Pa sizoni imeneyi kuvulala sikunali kopeka. Goloboyi Guglielmo Vicario anathyoka fupa la kakolo pa gemu ya City yomwe ija, otchinga kumbuyo odalirika Cristian Romero ndi Micky van de Ven anakhala panja nthawi yaitali, moti mnyamata wa zaka 18, Archie Gray, yemwe ndi wosewera pakati, ndiye ankatchinga kumbuyo. Otsutsa ankati mpira wothamanga mopanda mpumulo wa kochiyo ndi umene unkang'amba minofu ya anyamatawo. Mlembi ankayankha kuti iwowo si madokotala, ngakhale iyenso maphunziro ake a zachipatala amathera pa panado.

Sikelo yachitatu ndi ya ziwerengero. Inayamba ndi Charles Reep, wowerengera ndalama ku gulu la asilikali a mumlengalenga la Britain, amene mu 1950 anatulutsa pensulo ndi kope pa gemu ya Swindon Town n'kuyamba kulemba mpira uliwonse wopatsirana. Atawerenga kwa zaka zambiri anagamula kuti zigoli zambiri zimabwera osewera atapatsirana katatu kapena kuchepera apo, choncho mpira uzingoponyedwa kutsogolo. Anthu ena anadzaonetsa kuti anawerenga bwino koma anamasulira molakwa, poti mipira yambiri m'bwalo imatayika isanafike pa kupatsirana kanayi, ndiye n'zosadabwitsa kuti zigoli zambiri zimachokera komweko. Lero ntchitoyi ili m'manja mwa makampani monga Opta, ndipo chida chawo chotchuka ndi xG. Shoti iliyonse imapatsidwa mtengo wa pakati pa 0 ndi 1 potengera malo amene wosewera anamenyera, mbali ya thupi yomwe anagwiritsa ntchito ndi mmene mpira unamufikira. Penate imakhala pafupifupi 0.76, shoti ya chapakati pa bwalo siifika n'komwe pa 0.05. Zikaphatikizidwa zimaonetsa zigoli zomwe timu inayenera kumwetsa.

Chida chimenechi ndi chothandiza kwa makochi ndi ogula osewera, chifukwa zigoli mu mpira n'zochepa ndipo mwayi umalowerera kwambiri pa gemu imodzi. Kwa sapota ndi mankhwala opha ululu. Munthu amagonja 1-0 masana, n'kupambana pa xG madzulo ali pa foni, bola akhale ndi bando. Ndipo sapota wa Tottenham sankafunikira n'komwe kupita kutali, chifukwa ziwerengero wamba zinali kumbali yake. Timu yake inamwetsa zigoli 64 mu ligi, chimodzimodzi ndi Chelsea yomwe inathera pa nambala 4, ndiponso kuposa Nottingham Forest ya pa nambala 7 yomwe inamwetsa 58. Inalandira 65, ndiye kusiyana kwake kunali chigoli chimodzi chokha. Timu ya ziwerengero zotere imayenera kukhala chapakati pa mndandanda. Chinsinsi chake chinali chakuti ikapambana inkapambana ndi zigoli zambirimbiri zosafunikira, ikagonja nthawi zambiri inkagonja ndi chimodzi. Zigoli zinayi za ku Etihad zinabweretsa mapointi 3, omwewo amene Ipswich inanyamula ndi ziwiri.

Kuyesa kugwiritsa ntchito chiphunzitsochi kunja kwa mpira kumakhala ndi zotsatira zochepa. Mlembi anafotokozerapo mayi a kunyumba kuti potengera maganyu omwe anafunsira mwezi umenewo, ndalama zomwe anayenera kubweretsa zinali zambiri kuposa za bambo aliyense pamalowo. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati: "Ndamva, bambo a mwana. Ndiye usiku uno mudyera nsomba zomwe munayenera kugula." Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo iwo sankadziwa Opta.

Tsono pali nkhani ya chikho. Atagonja kwa Arsenal mu Seputembala 2024, Postecoglou ananena poyera kuti iye nthawi zonse amatenga chikho m'chaka chake chachiwiri pa timu. Dziko linaseka, ndipo m'magulu a WhatsApp mawuwo ankabwezedwa Lamlungu lililonse ngati moni. Koma Lachinayi usiku, mu Europa League, timu yomwe inkagonja kwa Leicester pakhomo inkasanduka ina. Inatulutsa AZ Alkmaar, Eintracht Frankfurt ndi Bodø/Glimt, n'kufika mu ndime yomaliza pa 21 Meyi 2025 ku Bilbao, m'dziko la Spain. Yokumana nayo inali Manchester United, yomwe inathera pa nambala 15. Anali matimu awiri odwala olimbirana bedi limodzi, poti wopambana ankalowa mu Champions League.

Gemu imeneyo inagwetsa chiphunzitso chonse cha zaka ziwiri. Tottenham inamenya mashoti 3, United 16. Chigoli chinabwera pa mphindi 42, mpira utagundagunda pakati pa Brennan Johnson ndi Luke Shaw wa United n'kugubuduzika kulowa mu golo mwamanyazi. Chigawo chachiwiri timu ya mpira wopita kutsogolo inabwerera yonse kumbuyo n'kumangochotsa mpira. Van de Ven anauluka n'kuchotsa pamzere mpira wa mutu wa Rasmus Højlund, Vicario anagwira wina wa Shaw kumapeto, gemu n'kutha 1-0. Son Heung-min ananyamula chikho choyamba cha timuyi kuyambira mu 2008, ndiponso choyamba cha ku Ulaya kuyambira mu 1984. Mlembi, amene kwa zaka ziwiri ankaphunzitsa anthu kuti zotsatira n'za anthu osadziwa mpira, anamveka m'boma lonse akufunsa masapota a United kuti kodi mashoti 16 amawasungira m'kabati iti. Masapota a United nawo anatulukira usiku womwewo kuti xG ndi sayansi yofunika kwambiri.

Funso loti sizoniyo inali yabwino kapena yoipa limavuta kwambiri ikaikidwa pafupi ndi ya 2016/17. Chaka chimenecho Tottenham ya Mauricio Pochettino inapeza mapointi 86, inamwetsa zigoli zambiri kuposa timu iliyonse mu ligi, inalandira zochepa kuposa timu iliyonse, ndipo inathera pa nambala 2 pambuyo pa Chelsea, chimanjamanja. Mndandanda, maso ndi ziwerengero zonse zimagwirizana kuti imeneyo ndiyo inali timu yeniyeni. Komabe basi yopanda denga inayenda m'misewu ya kumpoto kwa London mu 2025, itanyamula anyamata a mapointi 38. Pa nkhaniyi mlembi ali kumbali ya chikho, pa chifukwa chimodzi cha sayansi: mapointi 86 aja sanatsekepo pakamwa pa sapota wa Arsenal ngakhale mmodzi, pamene chikho chinatseka pakamwa pa a United kwa masabata angapo.

Akuluakulu a timuyi anayeza ndi sikelo ina. Pa 6 Juni 2025, patangotha masiku 16 chichitikireni za ku Bilbao, Postecoglou anachotsedwa ntchito, ndipo chikalata cha timu chinatchula kuti pa masewero 66 omaliza a ligi anapeza mapointi 78 okha. Sizinali zachilendo kumeneko, poti Juande Ramos, amene anabweretsa chikho cha 2008, anachotsedwanso chaka chomwecho, timu itapeza mapointi 2 pa masewero 8 oyamba a ligi. Masapota anagawikana. Ena anati munthu wothetsa njala ya zaka 17 sathamangitsidwa, ena anati kugonja ka 22 si ngozi ya pamsewu. Mlembi anagwirizana ndi mbali zonse ziwiri, malinga ndi amene ankagula zakumwa.

M'malo mwake anabwera Thomas Frank kuchokera ku Brentford, timu yodziwika ndi kukhulupirira ziwerengero. Gemu yake yoyamba yolimbirana chikho inali ya UEFA Super Cup pa 13 Ogasiti 2025 ku Udine, m'dziko la Italy, ndi Paris Saint-Germain, akatswiri a Champions League. Tottenham inatsogola 2-0 mpaka kutatsala mphindi zochepa, PSG inabweza zonse ziwiri, n'kupambana pa mapenate. Lipoti la mlembi m'mawa mwake linati timu inasewera bwino kwambiri.