Za m'mimba mwa mbozi ndi changu cha mlimi

Mbozi ya ntchemberezandonda ndi thumbo lokhala ndi mutu. Mbali yaikulu ya thupi lake ndi njira ya chakudya, ndipo kuchokera tsiku lomwe yaswa mpaka tsiku lolowa m'nthaka ntchito yake ndi imodzi, kudya chimanga cha eni. Kwawo ndi ku America. Mu Africa inaoneka koyamba chakumadzulo kumayambiriro a 2016, ndipo pofika Disembala chaka chomwecho inali itavuta m'Zambia muno mpaka Pulezidenti Edgar Lungu analamula ndege za asilikali kunyamula mankhwala. Mankhwala a m'botolo amafuna ndalama, choncho alimi a matumba obooka a ku Chipata, gulu lomwe wolemba danga lino ndi membala wake wokhulupirika, amathamangira ku mitengo.

Thumbo la mbozi lili ndi zigawo zitatu, koma nkhani yonse ili pa chigawo chapakati. Khoma lake ndi mzere umodzi wa maselo. Ambiri ndi aataliatali, okhala ndi timaubweya pamwamba, ndipo ndiwo amatulutsa madzi ogaya chakudya ndi kuyamwa zabwino zake. Ena ndi obulungira ngati chikho, ntchito yawo ndi kuthandiza kuti madzi a m'thumbo akhale achidulo kwambiri, osati owawasa monga a m'mimba mwa munthu. Pansi pake pamakhala timaselo ting'onoting'ono todikira kulowa m'malo mwa omwe atha. Zili ngati kukhitchini kwa paukwati: pali ophika, pali osonkhezera moto, ndiye pali achibale okhala pamphasa kudikira kuti wina atope.

Mtengo wa nimu uli ndi poizoni wotchedwa azadirachtin, wochuluka m'njere kuposa m'masamba. Mlimi wa mtundu womwe tikukamba amathyola masamba, chifukwa kutola njere kumafuna kuwerama. Mbozi ikalawa poizoniyu imayamba ndi kutaya chilakolako cha chakudya. Ikameza ndithu, maselo aatali aja amatupa, timaubweya timathothoka, ena amafa n'kugwera m'thumbo. Choipitsitsa kwa mboziyo n'chakuti timaselo tolowa m'malo timalephera kuswana bwino, ndiye khoma silikonzeka. Poizoni yemweyo amasokonezanso mahomoni a kufundula. Mbozi imayenera kuvula khungu kangapo kuti ikule, ndipo ya nimu imakanirira m'chovala chakale.

Ombwe, chitsamba chomwe akatswiri amachitcha Tephrosia vogelii, umagwira mwina. Unafala m'minda ya Kum'mawa kuno pamene ofufuza a ku Msekera ankalimbikitsa mitengo yobwezeretsa chonde m'nthaka. Poizoni wake, wa m'banja la rotenone, amatseka timalo ta m'selo topangira mphamvu, ndipo selo limazima. Ofufuza ku Malawi anapeza kuti ombwe ulipo wa mitundu iwiri yofanana maonekedwe, ndipo umodzi ulibe poizoni wothandizayo. Zimenezi n'zothandiza kwambiri pa mbiri ya mlimi, pakuti mbozi zikapulumuka amakhala ndi wolozera chala.

Vuto lalikulu la mankhwala a ku mitengo ndi nthawi. Kuonongeka kwa thumbo kumatenga masiku, pamene mlimi wa mu Kapata yemwe munda wake uli ku Chiparamba ali ndi Loweruka lokha. Amafika dzuwa lili pamutu, nthawi yomwe mbozi yabisala m'kati mwa nsonga ya chimanga itadzitsekera ndi ndowe zake. Amapopera, amaima manja ali m'chiuno, amadikira maliro. Mbozi imasuzumira, yamoyo. Pamenepo iye amagamula kuti sayansi ndi bodza, n'kuonjezamo tsabola, fodya, phulusa ndi sopo wa Boom mpaka masamba kupsa. M'mabuku a zaulimi mulibe dzina la matenda amenewa, koma chimanga chimawadziwa bwino kuposa mbozi.

Dongosolo loyenera ndi losavuta, n'chifukwa chake silitsatidwa. Njere kapena masamba amasinjidwa, kunyikidwa usiku wonse, kusefedwa, n'kuthiramo sopo pang'ono kuti madzi amatirire pa tsamba. Kupopera kumachitika madzulo, chifukwa dzuwa limapha mphamvu ya nimu ndi ombwe msanga, komanso mbozi imadya kwambiri usiku. Madziwo alowe m'nsonga mwenimwenimo. Mbozi zing'onozing'ono ndizo zimafa mosavuta. Yaikulu, yomwe chilembo cha Y chozondoka chikuoneka bwino pamutu pake, ili ndi michere yosungunula poizoni m'thumbo, ndipo imakhala itadya kale ngakhale abale ake. Imeneyo mankhwala ake odalirika ndi zala ziwiri. Gulugufe wamkazi mmodzi wa mboziyi amatha kuikira mazira pafupifupi 1,000, choncho kupopera kumafunika kubwereza sabata ndi sabata.

Pali machenjezo awiri. Ombwe umapha nsomba, moti zotsalira zake sizitayidwa mumtsinje wa Lutembwe kapena m'dambo lililonse. Lachiwiri likukhudza mtondo. Kuwawa kwa nimu kumakanirira m'mtengo, ndipo mtondo wosinjira nimu Lachisanu n'kusinjira nsinjiro Lamlungu umatsimikizira banja lonse kuti poizoniyu amachotsadi chilakolako cha chakudya. Mayi a kunyumba sakhala ndi chidwi ndi maselo pa nthawi yotere, ndipo mlimi amagula mtondo watsopano pa mtengo woposa wa botolo lomwe ankalithawa.