Kodi kunyanjako kunalibe ankhoswe?

Ha, zidzukulu zanga, mwandilaula. Usiku wonse maso ali tong'o pa foni, nsima yapola m'mbale, ati mukuwerenga nkhani zoimitsa mtima za timidzi ta m'mbali mwa nyanja ku England, kumene banja lililonse lafungatira chinsinsi ngati nkhuku pa mazira. Munthu ndikatsokomola mumvekere, "Agogo musasokose, patsala pang'ono kuti ziululike." Ziululike chiyani, ana inu?

Mukuyesa n'zatsopano? Buku la Rebecca, gogo wa nkhani zoterezi, linatuluka mu 1938, wolemba wake Daphne du Maurier, mayi amene ankakhala ku Cornwall. Netflix inangotenthetsa mkute mu 2020, inu n'kumaombera m'manja. Tamverani mmene zinayendera. Mtsikana wamasiye akumana ndi Maxim de Winter ku Monte Carlo, bambo wofedwa mkazi, ndipo pasanathe nthawi, ukwati! Popanda chinkhoswe, popanda malume wokafufuza kuti kodi mayi woyambayo anamwalira bwanji. Safunsa anadya phula. Afika ku nyumba ya Manderley, wantchito Mrs Danvers amuzunza ndi dzina la malemu, iye ali duu, kusowa kokadandaula. Kenako boti lipezeka pansi pa nyanja, mtembo wa Rebecca, mkazi woyamba uja, uli momwemo, ndipo wakupha ndi mwamuna yemweyo. Eya, ndakuululirani, mukandisumire kwa amfumu.

Chimene chimandiwawa n'chakuti bamboyo anali ataloza kale mtembo wa mayi wina n'kunena kuti ndi mkazi wake, anthu n'kuika maliro. Kwathu kuno? Akuchikazi akanabwera ndi mbumba yonse kudzaona nkhope, mwambo wa maliro sukanayamba mafunso asanayankhidwe. Ngakhale Ben, uja wozerezeka woyendayenda pagombe, ankadziwa zambiri, koma anamuopseza mpaka anatseka pakamwa. Wamisala anaona nkhondo, anatero makolo, koma ndani kumeneko anamva mwambi?

Sindikuti ife tinalibe zinsinsi, ayi. Zinalipo, zina zolemera kuposa zimenezi: mwana wa bambo wina, ng'ombe zodyedwa mumdima, chifukwa chimene mbumba inagawanikira. Komatu chinsinsi chinali ndi mwini. Malume ankachisunga, n'kudzachitula m'kachipinda pa nthawi yake, kwa munthu woti wakhwima, mawu ali pansipansi. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ku Manderley kunalibe dambo, n'chifukwa chake nyumba inapsa yonse.

Koma inu, mayo ine, za eni ake mumazidziwa mpaka dzina la galu, pamene dzina la amayi awo a agogo anu simulidziwa. Ndipo kanthu kakachitika pakhomo, dzuwa lisanalowe kali kale pa WhatsApp.

Malume anu akalipo, makutu okha ndi amene ayamba kuvuta. Mwezi ukatha mugule shuga ndi sopo, mukakhale nawo pakhonde, foni ili m'thumba, mukawafunse chimene tinasamukira kumudzi wakale uja.