Kandimverere Wagwira Bulashi

Akale anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ankanena za munthu womutuma kuti akakumvereni nkhani kubwalo, koma akanaona mmene tikukongoletsera nyumba masiku ano, akanaloza dizayina.

Fodya akagulidwa bwino ku Kanengo, nyumba za ku Mitundu ndi ku Nathenje zimayamba kulakalaka za m'tauni: matailosi, siling'i ya jipisamu yokhala ndi timagetsi m'mbali, makatani okhudza pansi. Ndiye mwininyumba amapeza mnyamata pa Facebook, zithunzi zake zili waliwali. Amafika ndi tepi m'thumba, nsapato yake yosadziwa matope. Mukamufunsa ngati ali ndi amisiri akeake, amati, "Musadandaule madala, tili ndi timu." Timuyo ndi manambala a m'foni.

Inu mwati khoma la pabalaza likhale loyera ngati mkaka. Dizayina auza fomani pa WhatsApp. Fomani auza wopenta, amene ali pa ganyu ina ku Area 25. Wopentayo atuma mphwake ku Malangalanga kuti akagule penti. Chitini chikamatsika minibasi ya ku Bunda, mkaka uja wasanduka wachikasu. Ndalama nayo yadutsa njira yomweyo, aliyense akubudulako yake pa Airtel Money, moti amene wagwira bulashi watsala ndi ya sopo. Akathira madzi m'penti kuti ikwanire zipinda zonse, ine sindimuda kwenikweni.

Mlandu umakoma tailosi ikathetheka. Woika matailosi akuti pansi panali pokhota. Womanga akuti simenti anamupatsa yochepa. Fomani akuti zinthu zinakwera, ndipo kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 kuja, mpaka lero kukusenzabe milandu imene sikunapalamule. Dizayina ali pa maliro ku Dedza. Sabata yathayi analinso pa maliro.

Tisanamizane, wokhala ndi anyamata akeake ndi wodula. Amawalipira ngakhale mu February, mvula ikugwa, matumba a alimi atauma, popanda womanga nyumba, ndipo malipiro amenewo abisala mu koteshoni yanuyo. Ali ndi kachilema kenanso: poti kalipentala wake ali kale pa malipiro, mungamupeze yemweyo akulumikiza mawaya, ati anaonerera kwa mnzake. Pamenepo ndiye kandimverere ndi wofunika. Za magetsi aitane munthu wakunja wokhala ndi chilolezo cha MERA, chifukwa moto sufunsa kuti timu ndi ya ndani.

Komabe mwini anyamata ali ndi shedi yoti mungakaimepo n'kukalipa. Mawu anu adutsa pakamwa pamodzi pokha asanafike pakhoma. Mapepala a TEVETA akakuonetsani, ndi bwino, koma ine ndimafuna kuona chikhatho chimene chidzagwire bulashi, ndidziwenso kuti mwini wake amagona kuti.

N'chifukwa chake amayi ena a ku Nathenje amakakamirabe mmisiri wa m'mudzi, uja wopenta ndi laimu, mizere yake yokhota pang'ono pa windo. Sadziwa jipisamu. Koma akathawa ndi adivansi, amayiwo salira n'komwe. Apongozi ake amakhala nawo benchi imodzi kutchalitchi, ndipo pofika Lolemba mmisiri ali pakhomo ndi makwerero ake.