Jimu siithawa, achimwene

Mnyamata wina wakwathu, wogwira ntchito ku Johannesburg, anaonera Dricus du Plessis akulanda lamba wa UFC kwa Sean Strickland mu Januwale 2024. Lolemba lotsatira anali kale pakhomo pa jimu ya MMA. Kochi anamuuza kuti ongoyamba kumene amabwera kawiri kapena katatu pa sabata.

"Bwana, ndalipira mwezi wathunthu, ndizibwera mwezi wathunthu."

Lolemba nkhonya, Lachiwiri mateche, Lachitatu zogwetsana. Lachinayi anabweradi, koma kudzapempha kuti wina amumasulire zingwe za nsapato. Anagona nazo kuphazi, msana utakana kuwerama.

*

Kuphwanya kwa thupi sikufika tsiku lomwelo. Kumakula pakadutsa maola 24 mpaka 72, munthu utadzitama kale kwa anzako. Mkulu wina anachita masewera a miyendo Lachisanu, Loweruka n'kumauza aliyense kuti MMA ndi zachibwana. Lamulungu kutchalitchi akuti tigwade tipemphere, iye anagwada bwinobwino. Atati ameni, mpingo wonse unadzuka, iye ali chigwadire. Nyimbo inatha, zolengeza zinatha, ali pomwepo, misozi ili mbwembwembwe. Abusa anamuloza: "Abale, taonani munthu wodziwa kupemphera!" Anamunyamula ndi madikoni awiri, ndipo pano akumukakamiza utsogoleri wa mapemphero a m'mawa.

*

Themba Gorimbo wa ku Zimbabwe ankagona pa sofa m'jimu ku Miami, mpaka Dwayne Johnson anamupatsa nyumba yokhalamo mu 2023. Wachinyamata wina atamva nkhaniyi anauza kochi kuti naye akufuna kumakhala m'jimu usana ndi usiku.

"Gorimbo pa sofapo ankatani?"

"Ankagona."

"Iwe dzulo wagona maola angati?"

"Anayi. Ndimaonera ndewu pafoni."

"Yamba watsanzira za pa sofazo."

Kochiyo sanalakwe. Masewera amavulaza minofu pang'ono, ndipo imakonzeka n'kukhwima munthu akamadya mokwanira ndi kugona maola 7 mpaka 9. Koma kauzeni mnyamata wa zaka 20 kuti mphamvu zimabwera ali m'bulangete, akuyesani waulesi.

*

Ndime imodzi ya MMA ndi mphindi 5. Wina atamva anaseka: "Nthawi yowiritsira dzira imeneyo!" Itangotha mphindi imodzi, anafunsa ngati wotchi ya m'jimumo ili ndi mabatire.

*

Mnzako akakupana khosi kapena kukupinda mkono pa jiu-jitsu, umamugunda pang'ono ndi dzanja, iye n'kukusiya. Ngakhale akatswiri amatero pophunzira. Koma munthu wina anati mwamuna sagonja. Chigongono chinalira kuti thwa! Sabata yomweyo kunabwera apongozi, iye n'kumatema nsima ndi dzanja lamanzere. Apongozi anangoyang'ana kumbali, kenako anafunsa mwana wawo monong'ona ngati bambowa analeredwa ndi anthu.

*

Bambo wina anadzitambasula pamkeka m'mawa.

"Mayi a mwana, kochi wati lero ndi tsiku lopuma."

"Wati mupume bwanji?"

"Wati kuyendayenda pang'ono kumachotsa kuphwanya kwa thupi."

"Kochi wanzeru ameneyo. Thumba la chimanga ndi ilo, kuchigayo mukudziwako."

*

Izi zokha si zoseketsa: mukamenyedwa m'mutu poyeserera ndewu, kenako mutu n'kumawawa, chizungulire, kusanza kapena kuiwalaiwala, musadikire kuti zitha zokha. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo magolovesi musawavalenso mpaka adokotala atakulolani.