Za pansi pa galimoto

Anzathu a ku Japan popanga Sienta ndi Probox sanamvepo za msewu wa Lirangwe–Chingale. Galimoto imatsika sitima ku Dar es Salaam, kulowa pa Songwe, kutsetsereka ndi M1 ili nyanganyanga, koma ikangokhotera kufumbi mimba imayamba kukhula pansi. Apa mwini wake amathamangira kwa makaniko kuti aikweze: masipesa pamwamba pa masipulingi, mashoko a galimoto ina, mabushi osema kuteyala lakutha. Zonse zimakoma mpaka tsiku la COF, chiphaso chija chotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, monga likufunira lamulo la Road Traffic Act la 1997. Tsiku limenelo galimoto imaima pamwamba pa dzenje, woyeza n'kulowa kunsi ndi tochi, ndipo kunsiko kulibe chinsinsi.

*

Mkulu wina wa ku Chikuli adabwera ndi Sienta yaitali miyendo. Woyeza adaizungulira kawiri.

"Achimwene, galimotoyi inabwera chonchi?"

"Ayi bwana, inabwera yaing'ono. Yakulira konkuno."

"Nanga bwanji kumanzere kwakula kuposa kumanja?"

"Kumanzereko kumakhala apongozi, ndiye tinawonjezerako sipesa. Akakwera imalingana bwinobwino."

"Chabwino. Kawatengeni apongoziwo tiwalembe ngati sipeya. Koma dziwani kuti akatsika, COF yathera pomwepo."

*

Dalaivala wa minibasi ya Chileka–Blantyre adauzidwa kuti apotokole chiwongolero. Adapotokola, matayala ali phee. Adapotokolanso, matayala n'kuyamba kuganizira. Woyeza adagwira teyala ndi manja awiri n'kuligwedeza: gobede gobede! Tayirodi yatha, bolojointi yangotsala dzina.

"Galimotoyi mumakhota nayo bwanji?"

"Imafuna kuiuziratu, bwana. Ndikafuna kukhota pa Kameza ndimayamba kupotokola ndili pabwalo la ndege."

"Nanga mwana atadumphira pamsewu mwadzidzidzi?"

"Ana a kwathu amaidziwa, bwana."

"Ndiye muziyenda nayo pabwalo la kwanu komweko. Kuno kuli ana a eni."

*

Pansi pa mtengo wa mango pa Lunzu, makaniko wina adalumikiza tayirodi ya Corolla ndi ya Nissan, kuwotcherera pakati, kenako kupaka girizi kuti chipsera chisaoneke. Aliyense wodziwa zitsulo angakuuzeni kuti moto umafooketsa chitsulo m'mbali mwa powotchererapo, ndipo chimathyoka osatsanzika. N'chifukwa chake oyeza akaona chipsera pachitsulo cha chiwongolero amangopukusa mutu. Mwini galimoto naye mtima sunakhale m'malo.

"Amisiri, pali galanti?"

"Ilipo madala. Ikathyoka mubwere nayo."

"Ikathyoka ndili paliwiro pa Matindi, ndibwera bwanji?"

Makaniko adakanda mutu ndi sipanala. "Lisitiyo musiyire mayi kunyumba."

*

Wa pikapu wina wa kwa Kunthembwe adatopa ndi kuthyoka kwa masipulingi ponyamula njerwa, ndiye adaikamo a lole. Ikadzaza imayenda mwaulemu. Ikakhala yopanda katundu imadumpha ngati tonde woona khola latseguka. Woyeza adakanikiza kumbuyo ndi thupi lonse, galimoto osagonja ngakhale pang'ono.

"Imeneyi mumanyamulira chiyani?"

"Njerwa, mchenga, anyezi. Komanso imagwira ntchito ya uzamba."

"Uzamba?"

"Eya bwana. Mayi woyembekezera masiku akapitirira, amaipanga hayala. Chiyambire sitinafikepo pachipatala cha Mlambe tili chiwerengero chomwe tinanyamukira."

*

Dobadoba wina adakumana ndi agogo atakhala pamthunzi kudikira mdzukulu amene galimoto yake inali padzenje.

"Agogo, ndipatseni kangachepe ndikuthamangireni. Pepala lituluka galimoto osayezedwa n'komwe."

"Mwanawe, kodi pepalalo lili ndi mabuleki?"

"Ayi agogo."

"Lili ndi chiwongolero?"

"Ayi."

"Ndiye kwathu ku Mdeka ndikwera pepala kapena galimoto? Asiye aione. Wokhala kutsogolo ndine."

*

Pa siteji ina ya ma Sienta madalaivala adasonkha ndalama n'kugula mashoko awiri atsopano, ochokera m'katoni. Sanali oyendera, anali a COF basi. Amene tsiku lake lakwana amawamanga m'mawa, madzulo n'kubweza, atapukuta. Mlungu wina woyeza adawalitsa tochi nthawi yaitali, kenako adatulutsa mutu m'dzenje.

"Mashoko awa si achilendo. Lolemba anali pa Sienta yoyera. Lachitatu anali pa yabuluu. Kakukandika aka ndikukadziwa."

"Ndi apachibale, bwana. Amakonda kuyenderana."

"Mashokowa akhoza mayeso, ndipo akhoza katatu. Muwauze kuti ndawanyadira. Galimoto yanuyi ibwere payokha."

*

Mnzawo wina yemwe adapulumuka padzenje adaimitsidwa pa rodibuloko ya pa Zalewa patatha masiku ochepa. Galimoto inali itapendekeka, kumbuyo kukununkhiza phula, teyala lakumanja likuyang'ana ku Mwanza pamene lakumanzere likufuna ku Lilongwe. Wapolisi wamkazi adawerenga kapepala ka pagalasi, kuyang'ana galimoto, kuwerenganso.

"Bambo, pepala lanu lilibe vuto. Latsopano ndithu."

"Zikomo mayi."

"Funso langa n'limodzi. Galimoto imene inayezedwa ili kuti?"

"Theka ndi limene mukulionali, mayi. Theka linalo tinabweza kwa eni ake."

"Imikani pambali apo, tidikire theka linalo."